Mpweya wobwerezedwa pansi pa mgodi: thandizo kapena msampha?



M'mabanja mwathu ambiri muli agogo kapena amalume amene anapitako ku Joni pa nthawi ya Wenela ndi Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Ena anabwerako ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Ena anabwerako ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku lowaika m'manda. Tikawafunsa za kumgodi amakonda kusimba za chikepe chotsika ngati mwala woponyedwa m'chitsime, za mdima ndi za thukuta. Za mpweya samanena kawirikawiri, poti mpweya suoneka. Komatu munthu akhoza kupirira njala masiku angapo, ludzu maola ambiri, koma mpweya ukamuthera mphindi zochepa chabe nkhani yatha.

Phunziro lathu ulendo uno lili pa funso limene mainjiniya a migodi akhala akukangana kwa zaka zambiri: kodi n'kwanzeru kutenga mpweya umene wadutsa kale pamalo ogwirira ntchito n'kuubwezanso kwa anthu omwewo kuti aupume kachiwiri? Pongomva chabe, aliyense anena kuti ayi. Ifenso tinkaganiza choncho tisanawerengere. Tiyeni tiyambe taona mmene mgodi umapumira.

Mgodi wa pansi pa nthaka umafunika makomo awiri osachepera. Shafuti imodzi ndi yolowera mpweya wabwino, ina ndi yotulukira mpweya wogwiritsidwa kale ntchito. Pamwamba pa shafuti yotulukirayo pamakhala mafani akuluakulu amene amakoka mpweya usana ndi usiku. Iwo akamakoka uku, mpweya watsopano umatsika wokha ku shafuti inayo, n'kuyenda m'misewu ya pansi mpaka kukafika kumene anthu akuswa miyala, kenako n'kulowa m'misewu ina yobwerera. Pakati pa misewu yopita ndi yobwerera amamangapo makoma ndi zitseko kuti mitsinje iwiriyi isasakanikirane. Munthu mmodzi akangosiya chitseko chotere chili pululu, mpweya umadutsa chidule n'kubwerera kumtunda usanafike kwa amene akuufuna.

Pa ulendo wakewo mpweya umatola katundu wambiri. Mpweya wa panja uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, ndipo umene timatulutsa popuma umatsala ndi pafupifupi 16 peresenti. Koma kupuma kwa anthu ndi vuto laling'ono. Makina a dizilo amalavula utsi umene bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linauika mu 2012 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Zophulitsira miyala zimasiya mipweya yapoizoni. Kuboola miyala ya golide kumatulutsa fumbi la silica, losalala kwambiri moti maso saliona, limene limakakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa. Matendawo ndi silicosis, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. M'migodi ya malasha mumatuluka methane, mpweya wopanda fungo umene umaphulika ukafika pakati pa 5 ndi 15 peresenti. Pa 6 June 1972, kuphulika kwa methane ndi fumbi la malasha kunapha anthu 427 mu mgodi wa Wankie, kumene lero timati Hwange ku Zimbabwe, ndipo Amalawi analipo pakati pa omwalirawo.

Palinso kutentha. Mgodi wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville ku South Africa, ndi wakuya pafupifupi makilomita 4, ndipo miyala ya pansi pake imatentha madigiri 60 kapena kuposerapo. Mpweyawo nawo umatentha wokha ukamatsika, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 aliwonse, chifukwa umapanikizika ndi kulemera kwa mpweya wa pamwamba pake. Amene anapopapo njinga adziwa mmene pompi imafundira m'manja. N'chifukwa chake ku Mponeng amapanga madzi oundana pamtunda n'kuwatsitsira pansi kuti akaziziritse malo ogwirira ntchito.

Ndiye bwanji osangowonjezera mpweya watsopano? Apa ndi pamene ndalama zimalowerera. Kuti mukankhe mpweya wochuluka kawiri m'misewu yomweyo, fani iyenera kukankha mwamphamvu kanayi, ndipo magetsi amene idye amachuluka ka 8. Mukafuna wochuluka katatu, magetsi amachuluka ka 27. Kukumba shafuti yatsopano kumatenga zaka ndi chuma chambiri. Ndipo mgodi ukamakalamba, malo okumba amatalikiratalikira ndi shafuti, mpweya wambiri n'kumathawira m'ming'alu ya makoma usanafike kumapeto. Mgodi wa malasha wa Wearmouth ku Sunderland, m'dziko la England, unali ndi misewu yopita makilomita ambiri pansi pa nyanja ya North Sea, kumene simungakumbeko shafuti ngakhale mutakhala ndi ndalama. Okonda mpira angakonde kudziwa kuti bwalo la Stadium of Light linamangidwa pamalo pamene panali mgodiwu utatsekedwa mu 1993. Ku Canada vuto ndi lina: nyengo yozizira amawotha mpweya ndi gasi usanatsike kuti shafuti isaundane, choncho mpweya wofunda uliwonse umene atulutsa ndi ndalama yotayika.

Mavuto amenewa ndi amene anabala ganizo la kubwereza mpweya mwadala. Amaboola kanjira kolumikiza msewu wobwerera ndi msewu wopita, n'kuikapo fani imene imatapa gawo la mpweya wobwerera n'kulithira mu mpweya watsopano. Kwa nthawi yaitali malamulo a mayiko ambiri ankaletsa zimenezi, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Kalelo kunalibe zida zoyeza mpweya mosalekeza. Anthu ankadalira lawi la nyali yapadera ndi mbalame zotchedwa canary, zimene zinkakomoka msanga mpweya ukaipa; ku Britain anasiya kuzigwiritsa ntchito mu 1986. Koma m'zaka za m'ma 1960 akatswiri a ku Britain anaika nkhaniyi pa masamu, ndipo zimene anapeza zinadabwitsa ambiri. M'zaka za m'ma 1980 njirayi inayesedwa pa mgodi wa golide wa Loraine ku Free State, South Africa, komanso ku Wearmouth komwe kuja.

Masamu ake si ovuta, ndipo tikupempha ngakhale makolo amene anasiyana nawo kalekale kuti atitsatire pang'onopang'ono. Manambala awa ndi ongophunzitsira. Mpweya amauyeza m'makyubiki mita. Kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Tiyerekeze kuti chigawo china cha mgodi chimalandira makyubiki mita 20 a mpweya watsopano pa sekondi iliyonse, ndipo malasha a m'chigawocho amatulutsa methane wokwana 0.1 kyubiki mita pa sekondi. Tikagawa 0.1 ndi 20 tipeza kuti mpweya wotuluka m'chigawocho uli ndi methane 0.5 peresenti.

Tsopano tiyatse fani yobwereza kuti izitapa makyubiki mita 20 ku msewu wobwerera n'kuwasakaniza ndi 20 atsopano aja. Pamalo ogwirira ntchito pazidutsa makyubiki mita 40 pa sekondi. Theka lake ndi loyera, theka lina lili ndi methane 0.5 peresenti, ndiye osakanizawo ali ndi 0.25 peresenti. M'makyubiki mita 40 amenewa muli kale methane 0.1. Akadutsa pa malasha atolanso 0.1 wina, kukhala 0.2. Gawani 0.2 ndi 40. Yankho ndi 0.5 peresenti, yomwe ija ya poyamba.

Anthu ambiri amayembekezera kuti poizoni aziunjikana ulendo uliwonse umene mpweya wazungulira mpaka anthu atakomoka. Sizitero, malinga ngati makyubiki mita 20 atsopano akulowabe ndipo 20 ena akutulukabe kupita kumtunda. Zimene zikutuluka zimafanana ndi zimene zikupangidwa, ndipo mlingo umakhazikika. Chimene chimalamula kuipa kwa mpweya wotuluka ndi zinthu ziwiri basi: kuchuluka kwa poizoni amene akupangidwa, ndi kuchuluka kwa mpweya watsopano umene ukulowa. Fani yobwereza siili m'masamu amenewo. Siiwonjezera poizoni, komanso siichotsa ngakhale dontho.

Nanga phindu lake lili pati? Lili pa liwiro. Mpweya wa 40 umathamanga kawiri poyerekeza ndi wa 20 mu msewu womwewo. Mphepo yothamanga imaumitsa thukuta, thupi n'kuzizirako. Methane ndi wopepuka kuposa mpweya wamba, choncho mphepo ikakhala yaulesi iye amayandama n'kuyala mphasa yake kudenga, pamene akhoza kufika mlingo wophulika ngakhale pakati pa msewu pakuoneka bwino. Mphepo yaliwiro imaswa mphasa imeneyo. Ndiponso pa kanjira kobwerezera kaja akhoza kuikapo masefa ogwira fumbi, madzi opopera ndi makina oziziritsa, mpweya womwewo n'kumatsukidwa ulendo uliwonse umene wadutsa. Kumeneko ndiye kubwereza kwadongosolo, ndipo kukachitika bwino fumbi ndi kutentha zikhoza kutsika ndithu.

Koma tibwerere ku nambala ija ya 0.25, chifukwa ena akamayamikira njirayi amaidumpha. Fani isanayatsidwe, munthu amene ankagwira ntchito kumayambiriro kwa chigawo ankapuma mpweya woyera. Tsopano akupuma wosakaniza. Wa kumapeto zinthu sizinamusinthire, koma wa kumayambiriro zamuipira. Pa methane wochepa chotere palibe chodetsa nkhawa, poti pa mlingo umenewu sawononga thupi. Pa fumbi la silica ndi utsi wa dizilo nkhani ndi ina. Zimenezi zimavulaza mwa kuunjikana m'mapapo chaka ndi chaka, ndiye kachulukidwe kakang'ono pa shifiti ya maola 8, kwa zaka 15 kapena 20, si kakang'ono ayi. Fumbi lalikulu limagwa lokha panjira, koma losalala, lomwe ndi loopsalo, limayandama maola ambiri ndipo limazungulira limodzi ndi mpweya. Sefa ikatsekeka kapena kung'ambika popanda woisintha, fani ija imasanduka yogawira fumbi kwa aliyense mofanana. Mphepo ikathamanganso mopitirira imadzutsa fumbi limene linagona kale pansi. Utsi wa zophulitsira miyala nawo umachedwa kutheratu, poti gawo lina limabwerera, choncho nthawi yodikira anthu asanalowenso iyenera kuwerengedwa mwatsopano.

Choopsa kuposa zonse ndi moto. Moto wa pansi pa nthaka supha anthu ambiri ndi malawi, umapha ndi utsi. Mu utsimo mumakhala kaboni monokisaidi, amene alibe mtundu kapena fungo, ndipo amamatirira ku magazi mwamphamvu koposa ka 200 poyerekeza ndi okosijeni. Pa 16 September 1986, pa mgodi wa golide wa Kinross ku South Africa, moto umene unayamba pa ntchito yowotcherera zitsulo unagwira thovu la polyurethane limene analimata m'makoma a msewu. Anthu 177 anamwalira, ambiri a iwo ali kutali ndi motowo. Mphepo yomwe inkawabweretsera moyo ndi imene inawabweretsera utsi. Ngozi ya ku Kinross sinayambe chifukwa cha kubwereza mpweya, koma ikutisonyeza chimene chingachitike. M'chigawo chopanda kubwereza, amene ali kumtunda kwa moto amakhala ndi mpweya woyera ndi njira yothawira. M'chigawo chobwereza, utsi umatengedwa ku msewu wobwerera n'kuthiridwa ku msewu wopita, ndiye kumtunda kwa moto kulibenso. Njira yothawira ija yadzaza utsi.

N'chifukwa chake kubwereza kwadongosolo sikuyenda popanda zida zoyeza kaboni monokisaidi, utsi ndi methane mosalekeza, zolumikizidwa ndi fani mwakuti mlingo ukangokwera fani imazima yokha, zitseko za kanjira kaja n'kutsekeka, mpweya n'kuyambanso kuyenda mwa masiku onse. Fani yobwereza iyeneranso kuzima yokha mpweya watsopano ukachepa. Zonsezi zimadalira magetsi odalirika, zida zoyesedwa kawirikawiri, ndi kapitawo amene sangamange waya modutsa chida chimene chikumuzimitsira ntchito pamene mabwana akufuna matani. Mayiko ena sanakhutire. Ku United States malamulo a migodi ya malasha amaletsa kuti mafani othandizira azibwereza mpweya, ndipo m'migodi yambiri ya malasha salola n'komwe mafani akuluakulu a pansi pa nthaka.

Maganizo athu ndi akuti masamu aja ndi oona, koma ali ndi chiyeso mkati mwake. Mwini mgodi akaona kuti mphepo ikuwomba bwino pamalo ogwirira ntchito ndipo anthu sakudandaula za kutentha, akhoza kuganiza zochepetsa mpweya watsopano kuti apulumutse ndalama za magetsi. Bwererani ku chitsanzo chija. Mpweya watsopano ukatsika kuchoka pa 20 kufika pa 10, methane akwera kufika 1 peresenti. Ukatsika kufika pa 2, methane afika 5 peresenti, pamene kamoto kakang'ono kangaphulitse chigawo chonse. Pa nthawi yonseyi fani yobwereza ikulirabe, mphepo ikuwombabe pankhope, ndipo wantchito akumva ngati zonse zili bwino. Khungu limamva liwiro la mphepo, silimva zimene zili mu mphepomo.

Palinso kubwereza kumene palibe anakukonza, ndipo kumeneku ndiye kofala. Akamakumba msewu watsopano umene sunatulukire kwina, amaika fani yaing'ono ndi chipaipi chansalu chokankhira mpweya kumapeto kwake. Fani imeneyi iyenera kukhala mu msewu wa mpweya wabwino, mamita angapo kumtunda kwa khomo la msewu watsopanowo, ndipo isamakoke mpweya woposa umene ukudutsa pamalopo. Ikaikidwa pakhomo penipeni, kapena ikakhala yamphamvu kuposa mpweya umene ulipo, imayamba kumeza mpweya womwe wangotuluka kumene n'kuukankhiranso mkati. Palibe sefa, palibe choyezera, ndipo palibe akudziwa kuti mpweya watsopano umene ukufika ndi wochepa motani. Zitseko zowonongeka pafupi ndi fani ya pansi zimachitanso chimodzimodzi.

Tisaganize kuti izi ndi za kutali. Kwathu kuno kuli migodi ya malasha ya pansi pa nthaka ku Rumphi, monga Mchenga. Abale athu ena ali m'migodi ya kopa ku Zambia, ndipo achinyamata ambiri masiku ano akukumba maenje a golide ndi miyala ya mtengo wapatali pawokha. Dzenje la khomo limodzi lilibe njira yopita ndi yobwerera. Wina akatsitsiramo jenereta kapena pampu ya petulo yopopera madzi, utsi wake ulibe kolowera, ndipo amene ali pansi amayamba kumva mutu ndi kufooka miyendo pa nthawi imene akufunika mphamvu zokwerera. Mnzake wotsika kukamupulumutsa amagweranso momwemo. Injini malo ake ndi pamtunda, patali ndi kukamwa kwa dzenje. Ndi mpweya womwewu umene umapha mabanja ogona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka miyezi ya June ndi July.

Ngakhale pasukulu pano phunziroli likutikhudza. Fani ya kudenga, kaya ya m'kalasi kaya ya mumzikiti, ndi fani yobwereza. Imatiziziritsa, koma siibweretsa mpweya watsopano. Lachisanu mu October, mzikiti utadzaza, mafani onse akuzungulira koma mawindo ali otseka kuopa fumbi kapena phokoso la pamsewu, tonse timakhala tikupuma mpweya wa anzathu, ndipo ngati mmodzi ali ndi TB tizilombo take tikuyendetsedwa mzere uliwonse. Tikupempha akuluakulu a komiti kuti pokonza bajeti yogula mafani ena ayambe aona ngati mawindo a mbali zonse ziwiri amatseguka, ndiponso ngati timabowo ta pamwamba pa khoma sitinatsekedwe ndi mapepala kapena zisa za mbalame.

Kwa makolo amene muli ndi achikulire odwala chifuwa atagwira ntchito ku migodi ya golide: mu 2018 makampani 6 a migodi ku South Africa anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni randi ngati chipepeso kwa odwala silicosis ndi TB, ndipo khoti linavomereza mgwirizanowu mu 2019. Ndalamazi zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo zimakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira March 1965 mpaka December 2019, kuphatikizapo ochokera m'mayiko oyandikana nawo ndi mabanja a amene anamwalira. Sungani bwino mapepala akale a kumgodi ndi a kuchipatala, ngakhale atafiira motani. Kupempha chipepesochi n'kwaulere, ndiye wobwera pakhomo n'kumati mumulipire kuti akulembetseni, musamupatse kanthu.

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, nayi ntchito yanu. Chigawo cha mgodi chikulandira makyubiki mita 25 a mpweya watsopano pa sekondi, ndipo chikutulutsa methane wokwana 0.2 kyubiki mita pa sekondi. Fani yobwereza ikutapa makyubiki mita 15 pa sekondi. Pezani peresenti ya methane mu mpweya wotuluka, komanso mu mpweya wosakaniza umene ukufika kwa wantchito woyamba. Kenako tiyerekeze kuti denga lagwa mu msewu wopita ndipo mpweya watsopano watsika kufika pa 4, koma fani yobwereza sinazime. Methane akhazikika pa peresenti yanji, ndipo wantchito amene alibe choyezera adziwa bwanji kuti zinthu zasintha? Lembani njira yonse imene mwadutsa, osati yankho lokha, ndipo mupereke mapepala anu ku ofesi ya aphunzitsi. Mayankho tidzawasindikiza m'kope lotsatira, insha Allah.